Tinkadikira Mankhwala a Kuwala ku Kapata

Kanema uja ndinatumiza ndine. Ndiyambe ndi zimenezo, chifukwa kwathu akamakumbukira nkhaniyi amayambira pa achimwene, ine n'kukhala chete ngati sindinaliko.

Tinabadwa atatu. Oyamba ndi achemwali anga, amene anakwatiwa ku Chipangali nakhala mlimi wa mtedza ndi chimanga moyo wawo wonse. Achiwiri ndi achimwene, amene ali ndi kashopu ka nyale za sola ku msika wa Kapata. Ine ndine mzime, ndipo ndine ndinapita patali ndi sukulu: ndimaphunzitsa sayansi ana a giredi seveni m'tauni muno mwa Chipata. M'banja mwathu zimenezi zimatanthauza kuti wina akalandira pepala la ku chipatala kapena la ku boma amabwera nalo kwa ine, ine n'kuwerenga, kenako achimwene n'kunena tanthauzo lake.

Achemwali anapeza chotupa m'bere lakumanzere nthawi yokonza minda, mvula isanagwe. Anakhala nacho mwezi wathunthu osauza munthu, poganiza kuti ndi chithupsa chochedwa kupsa. Atabwera kuno ndinapita nawo ku chipatala, anadula kanyama kukapima, ndipo zotsatira zitabwera dokotala anatiitana. Anali mayi wamng'ono thupi, wolankhula mosazungulira. Anati ndi khansa, koma mwayi wake yapezeka ikadali pamalo amodzi. Anati bere lichotsedwe, natipatsa tsiku la opaleshoni patangotsala masabata atatu. Ananena kawiri kuti tisaliphonye tsikulo. Achemwali anagwedeza mutu, napinda kanayi pepala limene anatipatsa, nalimanga pamfundo ya chitenje. Titatuluka panja anati, "Tikawauze eni ake."

Eni akewo ndi achimwene. Kwathu mkazi angakwatiwe, angabereke ana asanu ndi awiri, angamere imvi, mwini wake ndi mlongo wake wamwamuna, mwini mbumba. Malume athu atamwalira udindo umenewu unagwera achimwene, omwewo amene achemwali ankawabereka kumsana ndi kuwapukuta mamina. Nkhani ya mpeni siichitika mwini mbumba asanavomere. Chifukwa chake tonse timachidziwa ngakhale sitichitchula: munthu akafera pa opaleshoni, pamaliro amafunsa kuti anavomereza ndani, ndipo amene anadumpha mwini mbumba amasenza malirowo mpaka naye adzafe. Alamu anga, amuna awo a achemwali, atamva za chotupacho anangoti iwo ndi mkamwini, anabwera kudzalima, za mipeni eni ake alipo. Munthu wakhala m'banja zaka makumi atatu, akadali mlendo wodzalima.

Msonkhano wa banja unaikidwa Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi. Lachisanu lake, ndili m'chipinda cha aphunzitsi, ndinkafufuza za khansa pa foni kuti Lamlungulo ndikaoneke wodziwa zinthu. Ndinapeza kanema wamfupi. Ankaonetsa kuti akatswiri akunja apanga tinthu ting'onoting'ono kwambiri, toti fumbi la choko ndi mwala ukaliyerekeza nato, tina ta golide. Amatibaya m'magazi, timayenda n'kukaunjikana m'chotupa. Kenako amawalitsa kuwala kofiira pamalopo, tinthuto timatentha, chotupa n'kupsera m'kati, mnofu wabwino osakhudzidwa. Palibe mpeni, palibe kuthothoka tsitsi. Panali mbewa yoyera ya chotupa pantchafu, kenako mbewa yomweyo ikuthamanga yosalala. Chakumapeto wolankhulayo ananena mothamanga, monga anthu amanenera zinthu zosakoma, kuti zonsezi zikuyesedwabe, makamaka pa mbewa, ndipo kuti zifike kwa odwala wamba padutsa zaka. Mawu amenewo ndinawamva bwinobwino. Ndinatumiza kanemayo pa gulu la banja la pa foni, n'kulemba pansi pake kuti taonani pamene sayansi yafika.

Sindinkafuna kuti wina asinthe maganizo. Ndinkangofuna anene kuti aphunzitsi amadziwa zinthu.

Tsono achimwene ndi munthu wa kuwala. Anayamba ndi kugulitsa matochi ndi mabatire pa tebulo m'mbali mwa msewu, ndipo nyale za sola zitabwera ndi iwo anayamba kuzikoleka pakhomo la shopu ku Kapata. Pali chinthu chimodzi chimene amachikhulupirira kuposa katekisimu: chilichonse chimene waona pa chithunzi chimafika ku Chipata. Foni ya m'manja anaiona koyamba pa kalendala, inafika. Sola anaiona m'magazini, inafika, poyamba ya mabwana okha, kenako ya aliyense, mpaka anapiye a ku Chipangali ali ndi getsi lawo m'khola. Chinthu chimayambira kwa azungu, chimafika ku Lusaka, chimakwera basi, chimatsikira ku Kapata. Ndipo wopusa, malinga ndi iwo, ndi amene amathamangira chakale pamene chatsopano chili m'njira. Kuseri kwa shopu amasunga katoni ya matochi akale amene sanagulidwe, ndipo amaionetsa kwa aliyense wofuna kutsutsana nawo.

Lamlungu tinasonkhana kwawo. Dzuwa linali pamutu, koma achimwene anatilowetsa tonse m'nyumba, natseka chitseko ndi makatani. Anatulutsa tochi yamphamvu kuposa zonse za m'shopu, naikanikiza pachikhatho, nayatsa. Dzanja lawo linafiira ngati khala la moto, mitsempha ikuoneka.

"Mwaona? Kuwala kumalowa m'thupi. Izi ine ndinazidziwa kalekale, azunguwa angochedwa kundifunsa."

Anazungulira nayo tochiyo kuti aliyense aone dzanja lake likufiira, ndipo alamu a ku Chipangali anapempha kuti aonenso kachiwiri. Kenako makatani anatsegulidwa, achimwene nakhala pampando wawo, nagamula. Anati mlongo wawo sadulidwa ngati nkhuku pamene mankhwala ali m'njira. Bere likapita lapita, ndipo makinawo akadzafika mawa tidzalitenga kuti kuti tilibwezeretse?

Ndinayesa. Ndinanena ndi mawu ang'ono, ngati mwana wosakonzeka mayeso, kuti zinthuzo akuziyesa pa mbewa. Achimwene anaseka mpaka kugwira bondo. Anati mwa anthu onse a m'dziko muno, ife a ku Chipata ndiye tiuzidwe za mbewa? Nyama ya mbewa ndi ya munthu zimagwirizana, zikanakhala zosagwirizana bwenzi tauni yonseyi ili kumanda. Nyumba yonse inaseka, ndipo ine ndinaseka nawo. Atatha anandiyang'ana.

"Aphunzitsi, kanemayu anatumiza ndani? Ndiye lero mukutsutsa sayansi yanu yomwe?"

Ndinayang'ana pansi. Achemwali anali pamphasa pafupi ndi chitseko, akuswa mtedza wa mbewu m'lichero, chifukwa manja awo sankadziwa kukhala chabe. Palibe anawafunsa kanthu. Zonse zitatha anangoti monga mwanenera achimwene. Ndinene chilungamo, pankhope pawo panaoneka kupepukidwa. Palibe mkazi amene amathamangira kukadulidwa bere, ndipo apa mwini mbumba ndi mphunzitsi wa sayansi anali atawauza kuti pali njira ina.

Tsiku la opaleshoni litayandikira, amene anapita ku chipatala kukanena kuti sitibwera ndine. Ndinauza namwino kuti achemwali agwidwa malungo kumudzi, tibwera akachira. Anandiyang'ana nthawi yaitali, nalemba kena kake m'faelo, nati malungo amatha sabata imodzi, tisachedwe.

Achimwene sanakhale manja lende. Anati podikira tinthu tija thupi lizolowere kuwala, kuti tikadzafika tidzapeze njira yolambula kale. Anasankha babu lofiira, la mtundu umene anthu amakongoletsera mabala a mowa pa Khirisimasi, nalilumikiza ku batire ndi kasola kake, nalipereka kwa achemwali ndi malangizo: theka la ola m'mawa uliwonse asanapite kumunda. Achemwali anabwerera nalo ku Chipangali, ndipo poti anali munthu womvera sanadumphe tsiku. Ankakhala m'nyumba, babu pabere, khasu likudikira pakhomo. Anthu oyandikana nawo anabwera kudzaona. Mayi wina wa bondo lotupa analibwereka, nati akumva kusintha. Pofika Khirisimasi babulo linali ndi mzere wake, wa msana, wa dzino, ndi mkulu wina wa mpingo amene sananene chimene chikumuvuta koma anapempha kuti atseke chitseko. Achimwene atamva anagwedeza mutu mokhutira, nati anthu akumudzi amagwira zinthu msanga kuposa ophunzira.

Ine ndimadziwa, ndipo ndinkadziwa nthawi imeneyo, kuti popanda tinthu tija babu lofiira ndi babu lofiira basi. Sabata imene achemwali anayamba kuliwotha, ine ndinkaphunzitsa ana za kuwala, ndikujambula mivi pa bolodi, ndipo mwana amene analemba kuti mthunzi umabwera chifukwa dzuwa latopa ndinamulembera ndi cholembera chofiira kuti walakwa.

Ku Kapata kufufuza kunali m'kati. Achimwene ankafunsa madalaivala a mabasi a ku Lusaka ngati amva za makina atsopano a khansa. Anapita kwa wamalonda wina wachisilamu amene amaodako katundu wawo, bambo wachikulire wodekha, namuonetsa kanemayo kuti akafunse kwa anzake akunja. Bamboyo anaonera mpaka kumapeto, nabweza foniyo, nati iye amagulitsa nyale osati mankhwala, ndipo mlongo wawoyo apite naye kwa dokotala mawa lomwe. Achimwene anabwera kudzandiuza monong'ona kuti mkuluyo wachenjera, akufuna makinawo akadzafika adzakhale wogulitsa yekha m'tauni muno. Nthawi ya mwambo wa Angoni wa Ncwala anapita ku Mtenguleni kukagulitsa matochi, ndipo kumeneko anakumana ndi munthu amene mlamu wake amayendetsa galimoto ya madokotala. Mlamuyo akuti ananyamula bokosi lalikulu lolemera, lomatidwa pepala lofiira, kuchokera ku bwalo la ndege. Tsiku lomwelo pa gulu la banja panabwera uthenga wa zilembo zikuluzikulu wakuti bokosi lafika ku Lusaka, tipirire pang'ono. Azisuweni anatumiza timanja topemphera. Ine ndinatumiza kachala kovomereza.

Miyezi imeneyo achimwene ndinkadana nawo kwambiri, ndipo chidanicho chinkandikomera. Ndinkawanyoza kwa aphunzitsi anzanga, ndikuwatsanzira mmene anagwirira tochi, anthu n'kumaseka mpaka misozi. Kawiri konse ndinakonza mawu oti ndikawauze, ndikuyenda wapansi kupita ku Kapata, ndikubwereza m'mutu ngati ndakatulo ya pa tsiku lotsekera sukulu. Kawiri konse ndinafika pashopu, ndinafunsa za moyo wa ana, n'kubwerako. Sikuti ndinkawaopa achimwene. Ndinkaopa tsiku limene achemwali angafere pa opaleshoni imene ndawatengerako ndine, ine nditakhala pakati pa amayi pa siwa, wina n'kufunsa mokweza kuti kodi anavomereza ndani. Ndinayeza mantha amenewo ndi bere la mkulu wanga, ndipo mantha analemera.

Sukulu titatsekera, nthawi yokumba mtedza, ndinapita ku Chipangali. Ndinawapeza kumunda akuzula mtedza ndi dzanja limodzi. Mkono wakumanzere unali wotupa kuyambira paphewa mpaka m'zala, ataukoleka pa kansalu. Ndisanawafike pafupi ndinamva fungo. Titalowa m'nyumba anamasula chitenje nandionetsa. Chotupa chija chinali chitaphulika, chasanduka bala, ndipo m'khwapa munali timibulu tolimba ngati nthanga. Ankalitsuka ndi madzi a mchere n'kuphimba ndi nsanza yoyera. Babu lija linali pakhoma, waya wake atakulungidwa bwino.

"Nyaleyi ikufunda ndithu," anatero, "koma chinthuchi sichikumva."

M'mawa mwake tinakwera galimoto ya mtedza kubwera m'tauni. Sindinapite nawo kunyumba, ndinapita nawo molunjika kushopu. Sindinakonze mawu ulendo uno ndipo sanafunike. Achimwene anatuluka akumwetulira kuti alonjere mlongo wawo, ndipo fungo lija linawapeza pakhomo. Anayang'ana mkonowo. Anakhala pansi pa katoni ya mabatire. Achimwene ankawakonda achemwali, zimenezo sindingawalande. Anatseka shopu dzuwa lili pamutu, makasitomala ali pakhomo, anapita kunyumba kukavala jekete, nati ku chipatala akalankhula okha.

Tinapeza dokotala yemwe uja. Anawapima achemwali kuseri kwa katani kwa nthawi yaitali, natuluka, nasamba m'manja, nakhala pansi. Sanakalipe. Anangofunsa kuti tinali kuti miyezi yonseyi, ndipo anafunsa akuyang'ana ine, chifukwa faelo inali patsogolo pake ndipo munali malungo anga aja. Ndisanayankhe achimwene anaimirira, namanga batani la jekete, nakonza kukhosi. Ananena kuti iwo monga mwini mbumba, atalingalira mofatsa pamodzi ndi banja lonse, avomereza kuti opaleshoni ichitike, ngakhale lero lomwe.

Dokotalayo anawathokoza, nawapempha akhale pansi. Anati opaleshoni imene tinapangana ija inali ya nthawi ija. Tsopano matenda afika m'khwapa ndipo mwina apitirira, mpeni wokha sungawatsate kumeneko. Achemwali apite ku Lusaka akalandire mankhwala a m'diripi ndi kuwotchedwa ndi makina, kuti balalo lichepe ndi ululu utsike. Kupitirira apo sanalonjeze kanthu. Achimwene anafunsa ndi mawu otsika ngati ku Lusakako kwafika makina a kuwala kofiira aja, a tinthu ta golide. Dokotala anati nayenso anawerengapo, ndi ntchito yabwino, mwina ana ake adzaigwiritsa ntchito akadzakhala madokotala. Anawonjeza kuti ngakhale zikanakhalapo lero, kuwala sikulowa patali m'thupi, ndipo pamene matendawa afika sikukanafikapo.

Kenako namwino anabwera ndi pepala lovomereza kuti adulenso kanyama ka m'khwapa kukapima asanatitumize ku Lusaka. Analiika pamaso pa achemwali pamodzi ndi cholembera. Achemwali analikankhira kwa achimwene, amene anali atatulutsa kale cholembera chawo m'thumba la jekete. Namwino analibweza.

"Ayi mayi, apa musaina ndinu. Thupi ndi lanu."

"Nanga eni mbumba asaina pati?"

"Palibe malo awo. Ngakhale tsiku lija mukanabwera nokha, tikanakuchitani opaleshoni."

Achemwali analiyang'ana pepalalo ngati akuwerenga, ngakhale linali la Chingerezi ndipo iwo sukulu analekeza giredi folo. Anagwira cholembera, nalemba dzina lawo pang'onopang'ono, chilembo chimodzichimodzi, lilime lili pakona pa mlomo. Achimwene anakhala chigwirire cholembera chawo mpaka namwino anatuluka.

Titamaliza, achimwene anapita kukafuna takisi, ife awiri tinatsala pa benchi panja. Anthu ankadutsa ndi mabeseni ndi mafulasiki kukaona odwala awo. Achemwali anakonza kansalu ka mkono wawo, ndipo analankhula osandiyang'ana.

"Iwe umawerenga mapepala athu onse. Unkadziwa kuti limafuna dzina langa lokha?"

"Ndinkadziwa."

"Nanga za mbewa zija. Unkadziwa kuti sizifika chaka chino?"

"Ndinkadziwa, achemwali."

Ndinalakalaka atanditukwana. Kenako anati, "Achimwene sadziwa kanthu. Ndilibe nawo mlandu." Takisi itafika ndinafuna kuwagwira kuti aimirire, koma anadzuka okha, nadikira kuti mlongo wawo awatsegulire chitseko.

Wodwala wopita ku Lusaka amafunika womudwazika, ndipo aliyense ankadziwa kuti ndine, wodziwa Chingerezi ndi njira za m'zipatala. Ndinali nditapempha kale tchuthi kwa a hedi, chikwama nditalongedza. Kutatsala tsiku limodzi achemwali ananena pamaso pa onse kuti apita ndi akazi a achimwene, mayi wogulitsa tomato amene ku Lusaka anali asanapondeko. Nditayamba kufotokoza kuti kumeneko kuli mapepala ambiri, anandidula mofatsa. Anati ine nditsale, ndili ndi ana a anthu oti ndiwaphunzitse sayansi.

Anakhala ku Lusaka miyezi itatu, nabwerako opanda tsitsi, bala litauma pang'ono. Ndinkapita ku Chipangali Loweruka lililonse ndi sopo ndi mabandeji. Ankandilandira bwino, kundiyalira mphasa, kundifunsa za ntchito ndi za ulendo, ndipo pochoka ankatuma mdzukulu andipatse mtedza wa m'njira. Anamwalira mvula isanagwe, ndipo mpaka tsiku limenelo ankandilankhula mwaulemu wonse, monga amalankhulira ndi mlendo.